MFUTI IRI YONSE IRI NDI CIPOLOPOLO CACE

Mwezi wa September caka ciri conse ndi mwezi umene maiko a mu Africa anapangana kuti munthu amene asunga mfuti popanda cilolezo akhoza kuipereka kwa a Boma osazengedwa mlandu. Pangano limeneli linacitidwa ndi bungwe la African Union mu 2017, ndipo mu 2020 atsogoleri analionjezera kuti lifike caka ca 2030. Anthu a m'boma la Chadiza, kwa mfumu Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, ayenera kuicherera khutu nkhaniyi, popeza midzi yao iri m'malire ndi dziko la Mozambique. Koma pamene tonse tilankhula za mfuti, pali cinthu cina cimene timaciiwala, ndico zipolopolo zimene ziri m'tizitini, m'matsindwi ndi pansi pa nkhokwe. Munthu akapereka mfuti koma nasunga zipolopolo, bvuto likali pakhomo.

Akulu akumbukira kumene zambiri mwa zida izi zinacokera. Pa nkhondo ya ufulu wa Mozambique, asilikari a Apwitikizi anali ndi mfuti za G3, pamene a Frelimo anali ndi AK-47. Ufulu utabwera mu 1975, sipanapite nthawi yaitali, nkhondo ina inabuka pakati pa Boma la kumeneko ndi Renamo. Kuyambira mu 1987 zigawenga za Renamo zinali kudumpha malire ndi kuthira nkhondo midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa, ndipo Chadiza anali m'gulu la maboma amene analira maliro. Othawa nkhondo ambiri anasungidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, koma si zida zonse zimene zinabwerera m'nyumba za Boma. Zina zinakwiriridwa m'thengo, zina zinasinthanitsidwa ndi cimanga kapena nkhuku.

Tsono apa ndi pamene pagona ngozi. Cipolopolo ca AK-47 acicha 7.62, ndipo ca G3 acichanso 7.62. Munthu wosadziwa akaona nambala imeneyi aganiza kuti ndi ana a mimba imodzi. Iai. Cikhokho ca cipolopolo ca AK-47 ndi cotalika mamilimita 39, ca G3 ndi cotalika mamilimita 51, ndipo ngakhale mutu wace umene umauluka ndi wosiyana kunenepa: wa AK-47 ndi wonenepako pang'ono. Palinso mfuti yakale ya .303 imene inabwera ndi Angelezi, nayonso iri ndi cipolopolo ca mtundu wace. Kusiyana kwina sikuoneka ndi maso, koma mpope wa mfuti umakumva.

Kuti timvetse bwino, tiyeni tikumbuke nguli imene ana amasewera nayo pabwalo. Nguli ikazungulira mwamphamvu imaima ciriri pa nsonga yace. Mphamvu ikacepa imayamba kudzandira ngati woledzera, kenaka igwa. Cipolopolo cimacita cimodzimodzi. M'kati mwa mpope wa mfuti ya raifo muli timizere tosemedwa topotana, timene timagwira cipolopolo ndi kucizunguza pamene cituruka, ndipo m'mfuti zina za asilikari cimazungulira koposa ka 3,000 pa sekondi imodzi. Kuzungulira kumeneku ndiko kumacititsa kuti ciuluke cotsogoza mutu. Katswiri wa masamu wa ku England, Alfred George Greenhill, anasonyeza mu 1879 kuti cipolopolo cikakhala cacitali, cifunika timizere topotana pafupipafupi kuti cisadzandire. Cikalowa mu mpope umene sucizunguza mokwanira, kapena mu mpope wakutha umene timizere tace tinadyedwa ndi dzimbiri, cimatembenuzika m'mlengalenga ndi kukafika cam'mbali.

Amene anapitako ku bwalo lophunzirira kuombera acidziwa cizindikiro cace. Cipolopolo cabwino cimaboola pa pepala la candamale kabowo kobulungira bwino. Codzandira cimang'amba cibowo cacitali, conga cibowo ca kiyi pa citseko, ndipo nthawi zambiri cimagwera kutali ndi pamene munthu analoza. Woomberayo amayamba kunamizira maso ace, mphepo, kapenanso mfiti, pamene mlandu uli pa mfuti ndi cipolopolo zimene sizinagwirizane.

Musaganize kuti ili ndi bvuto la ife osauka okha. Asilikari a ku America, amene ali ndi cuma ndi akatswiri osawerengeka, anakomana nalo. Mfuti yao ya M16A1 inali ndi timizere tozungulira kamodzi pa masentimita pafupifupi 30, toyenerana ndi cipolopolo copepuka ca magalamu atatu ndi theka. Mu 1980 maiko a m'bungwe la NATO anasankha cipolopolo catsopano cochedwa SS109, colemera magalamu 4 ndiponso cacitaliko. Cinali kulowa bwino lomwe m'mfuti yakale ija, cinali kulira monga mwa masiku onse, koma sicinali kuyenda mowongoka. Mfuti yatsopano ya M16A2 inapangidwa ndi timizere tozungulira kamodzi pa masentimita pafupifupi 18, ndipo mabuku a asilikariwo anacenjeza kuti cipolopolo catsopano cisaikidwe m'mfuti yakale koma pa ngozi ya nkhondo pokha, ndiponso pa mtunda wosapitirira mamita 90. Kusiyana pang'ono kwa utali wa cipolopolo kunasintha kapangidwe ka mfuti ya gulu lonse la nkhondo. Nanga kuli bwanji mlenje wa ku Nsadzu amene agula cipolopolo ciri conse cimene munthu wa panjira waturutsa m'thumba?

Kunena zoona, mfuti zambiri za m'midzi mwathu si za raifo. Zocuruka ndi zifefe za 12 ndi mfuti za gogodela, ndipo izi ziribe timizere. Koma nazonso ziri ndi msampha wace, woopsa koposa. Katiriji wa cifefe ca 20 ndi wamng'ono, kotero kuti akaikidwa m'cifefe ca 12 amatsetsereka ndi kukatsamira m'kati mwa mpope. Mwini mfuti poona kuti malo ali pululu amaganiza kuti anaiwala kuikamo, naika katiriji wina wa 12 pambuyo pace. Akangokoka, mpope uphulika m'manja. Ndiponso zifefe zina zakale zinapangidwira makatiriji aafupi a mamilimita 65, pamene ambiri a masiku ano ndi a 70 kapena 76. Wamtaliyo amalowa popanda cobvuta cifukwa kukamwa kwace kumakhala kopindidwa, koma pophulika amasowa malo otambasukira, ndipo mphamvu yonse imapanikiza citsulo cokalamba. Utali woyenera umalembedwa pa mpope wa zifefe zambiri, ndi pa bokosi la makatiriji. Wosadziwa kuwerenga afunse mwana wa sukulu, palibe manyazi.

Za gogodela ndiye zomvetsa cisoni. Mfuti imeneyi inapangidwira onga wakuda, umene mphamvu yace ndi yocepa. Pali anthu amene amasula zipolopolo za asilikari ndi kuthira onga wace m'gogodela, poyesa kuti apeza mphamvu ya ulere. Onga umenewo mpope wa gogodela sungaupirire, makamaka uja wosulidwa pamudzi. Zala, maso ndi nsagwada zimapita pa kamphindi. Zipolopolo za nkhondozo ziri ndi coipa cinanso: zambiri zimasiya mcere m'mpope zikaomberedwa, ndipo mcerewo uitana dzimbiri m'masiku owerengeka, ngakhale m'mfuti yabwino ya laisensi. Zimene zakhala m'nthaka zaka zoposa 30 zina sizilira konse, zina zimacedwa kulira mpaka munthu atatsitsa mfuti kuti aone cabvuta.

Ena adzati, kodi tikaphonya nguluwe m'munda, talakwira yani? Bvuto siliri pa kuphonya kokha. Cipolopolo codzandira cimapita kumene cifuna, ndipo minda yathu ya cimanga ndi nshawa iri pafupi ndi njira zimene akazi amadzera popita ku madzi. Cikagunda nyama cimangoilasa osaipha, ndipo nguluwe yolasidwa imasanduka mdani wa munthu woyamba kukomana nayo, amene kawirikawiri ndi mwana woweta ng'ombe.

Lamulo la mfuti la dziko lino, Caputala 110 ca malamulo a Zambia, silisiyanitsa: kusunga zipolopolo popanda cilolezo ndi mlandu monga kusunga mfuti. Koma tiyeneranso kubvomereza kuti munthu wa laisensi wa ku Chadiza ali ndi cobvuta ceniceni. Masitolo obvomerezeka a zipolopolo ali m'matauni akuru, ulendo ufuna ndalama, ndipo nyani sayembekeza kuti mwini munda abwere ku ulendo. Ndico cifukwa cace msika wa kuseri sukutha. Ife tiona kuti kuopseza ndi ndende kokha sikungautseke. Cingathandize ndi cakuti apolisi, a khonsolo ndi a Dipatimenti ya National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, akamakumana ndi eni mfuti pa nthawi yokonzanso malaisensi, aziyang'ananso m'mpope ndi kuuza mwini wace mtundu weniweni wa cipolopolo coyenera mfuti yace. Ndi nchito ya mphindi zocepa.

Kwa amene alima natukula kabokosi ka zipolopolo zakale, njira ndi imodzi. Asazitenge kupita nazo kunyumba, asaziponye pa moto, ndipo ana asaziyandikire. Aike cizindikiro pamalopo, auze a nyakwawa, ndipo a nyakwawa atumize mau ku polisi ya pa Boma kuti odziwa nchitoyo adzazicotse okha.