Mtsikana akakana, nyimbo imayamba

Mafilimu achimwenye akale aja ndimawakonda, ndipo sindibisa. Amene anakulira pafupi ndi vidiyo sho, kaya pa Mauwa kaya ku Ndirande, akudziwa chomwe ndikunena. Chihindi sitichimva, koma Shah Rukh Khan akangotambasula manja, Kajol n'kucheuka, m'chisakasa monse mumangoti zii. Nyimbo imatula zimene pakamwa pakulephera, ndipo kwa maola atatu umaiwala kuti wakhalira benchi ya nsungwi.

Vuto langa ndi zomwe nyimbozo zimakutira.

Taonani Dilwale Dulhania Le Jayenge ya 1995, ya Aditya Chopra, imene yakhala ikuonetsedwa ku Maratha Mandir ku Mumbai kwa zaka zoposa 25. Raj akumana ndi Simran m'sitima ku Ulaya. Mtsikana akuonetseratu kuti sakumufuna, iye osasiya kumuvuta. Ku Switzerland, Simran atadzuka m'mawa mowa uli m'mutu, Raj akumunamiza kuti agona limodzi. Mtsikana mpaka misozi, ndiye mnyamata akuti amangoseleula. Oonera amafa nazo nseko. Mnyamata wa ku hositelo atachita zomwezi, tonse tikudziwa dzina lomwe tingamupatse. Koma muikireni vayolini kumbuyo, basi wasanduka wachikondi.

Mapeto ake ndiwo amandinyansa kwambiri. Raj akukana kuthawa naye chifukwa akufuna bambo ake amupatse okha. Pa siteshoni bambo agwira dzanja la mwana wawo, kenako alitaya, iye n'kuthamangira dzanja la Raj. Kuchoka m'dzanja kulowa m'dzanja. Akanapanda kumutaya bwanji?

Kwathu kuno ku Chiradzulu n'kwa chikamwini. Mwamuna ndiye amanyamula katundu kukamanga kwa mkazi, munda umayenda mwa amayi, za ukwati amakamba ndi amalume. Sindikuti n'kumwamba: ana aakazi akukwatiwabe ali aang'ono ngakhale mu 2017 Nyumba ya Malamulo inakweza zaka za ukwati kufika 18. Komabe n'zodabwitsa kuti anthu oleredwa choncho tiziombera m'manja bambo wogawa mwana ngati mbuzi ya chiwongo.

Anzanga amati ndi filimu chabe. Filimu chabe anthu saiwerenga pamtima. Shemu Joyah mu Seasons of a Life anaonetsa mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake, n'kudzamenyera mwana wake kukhoti. Mulibe kuvina m'minda ya maluwa, ndipo sindinamvepo mnyamata akuitengera pokafunsira.