Chikalata cha Madandaulo pa Chikho cha Makalabu mu Mpikisano wa Cross Country

Kwa akuluakulu a USA Track & Field ku Indianapolis, ndi komiti yoona za cross country

Olemekezeka,

Ife amene tasaina m'munsimu ndife othamanga, aphunzitsi a masewero ndi alembi a makalabu a anthu wamba. Timadyera ntchito zina, ndipo kuthamanga timakupezera mpata m'mamawa tisanapite kuntchito kapena madzulo tikaweruka. Dandaulo lathu ndi limodzi, ndipo likukhudza mpikisano wa makalabu a dziko lonse umene mumachititsa m'mwezi wa Disembala. Chikho cha matimu chili ndi dzina la makalabu, koma amene akuchilimbirana masiku ano ndi magulu a akatswiri olipidwa kuti azithamanga. Kalabu ya anamwino, aphunzitsi a sukulu ndi akalipentala imaima pamzere woyambira ikudziwiratu kuti chikhocho sichake. Akatswiriwo musawachotse ayi. Pempho lathu ndi lakuti mfuti ikalira tizinyamukabe tonse pamodzi, m'matope omwewo, koma powerenga mapointi a matimu pakhale zikho ziwiri: cha magulu olipidwa ndi cha makalabu a anthu a ntchito zina.

Umboni woyamba umaoneka mpikisano usanayambe n'komwe. Mndandanda wa olembetsa ukangotuluka, otsatira masewerowa amayamba kulosera, ndipo pa chikho cha matimu a amuna kuloserako sikufuna nzeru zambiri. Munthu amangofufuza ngati gulu lolipidwa latumiza anthu asanu amphamvu. M'zaka zotsatira 2017, pamene Tinman Elite idapambana ku Lexington, mayina amene ankamveka pamwamba pa maulosiwo anali omwewo: Tinman Elite ya ku Boulder, Brooks Beasts ya ku Seattle, Hansons-Brooks ya ku Michigan. Mkangano unkakhala woti mwa atatuwa apose mnzake ndani. Makalabu akale ngati Greater Boston Track Club, Central Park Track Club ndi Club Northwest, amene adayamba m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, amatchulidwa pofunsa kuti atsogole ndani pakati pa otsalawo. Funso limeneli ndi lenileni, anthu amalikonda, ndipo makalabu amalimbana nalo mpaka kutuluka thovu kukamwa, koma wopambana pankhondo imeneyi sapatsidwa dzina lililonse m'mabuku anu.

Chimene chimakulitsa mpatawu ndi kawerengedwe ka mapointi. Aliyense amapatsidwa mapointi ofanana ndi malo amene wathera, amaphatikiza a anthu asanu oyamba a timu, ndipo timu ya mapointi ochepa ndiyo yapambana. Kawerengedwe kameneka ndi kabwino, ndipo sitikufuna kuti kasinthe, koma tizindikire chimene kamayeza. Kamayeza munthu wachisanu. Kalabu ya m'tauni ikhoza kukhala ndi mnyamata mmodzi wa mphatso yodabwitsa amene angathere pa nambala 8, mwina ndi wachiwiri pa nambala 25. Wachisanu wake akathera pa nambala 110, munthu mmodziyo wasenza mapointi oposa a timu yonse imene anthu ake athera pa 2, 5, 9, 14 ndi 20, chifukwa amenewa pamodzi ndi 50 okha. Mphatso imabadwa paliponse, koma anthu asanu a mphatso yofanana sapezeka okha m'tauni imodzi. Amasonkhanitsidwa, ndipo chowasonkhanitsa ndi kontrakiti, nyumba ndi malipiro. Keith ndi Kevin Hanson adachita zimenezi poyera pamene adayambitsa gulu lawo mu 1999, ndipo dziko lidapindula: Brian Sell adapita ku Olimpiki ya 2008, Desiree Linden adapambana Boston Marathon mu 2018. Ntchito imeneyi ndi yotamandika. Koma ndi ntchito ina, yosiyana ndi ya kalabu imene imalandira aliyense wokhala m'dera lake amene walipira ndalama ya umembala.

Ena amaganiza kuti ndalama imangogula nsapato ndi tikiti ya ndege. Chachikulu chimene imagula ndi mpumulo. Thupi silikula mphamvu pa nthawi yothamanga, limakula pambuyo pake, munthu akagona ndi kudya bwino. Wolipidwa amathamanga m'mawa, n'kudya, n'kugona masana, n'kupita kwa womutikita minofu, madzulo n'kuthamanganso. Mnzake wa kalabu wamba amadzuka 5 koloko kukadali mdima, n'kumanga tochi pamphumi, n'kuzungulira misewu youma ndi chisanu, kenako n'kukaima maola asanu ndi atatu m'kalasi kapena m'wodi, miyendo ikutupa. Bondo likayamba kupweteka amadikira tsiku lopuma kuti akaonane ndi dokotala, pamene wolipidwa amaonedwa tsiku lomwelo. Ndalama imagulanso malo okhala. Boulder ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, Flagstaff pafupifupi 2,100, ndipo kumalo okwera chotero thupi limapanga maselo ofiira ambiri a magazi, amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Munthu wa ntchito ku Boston kapena ku New York sangasiye ntchito milungu inayi kukakhala kuphiri. Awiriwa ali ngati wolima ndi khasu akaweruka ndi wolima ndi thirakitala tsiku lonse: onse ndi alimi, koma wanzeru sangawafunse kuti nkhokwe yaikulu ndi ya yani.

Tikudziwa yankho loyamba limene tingalandire, lakuti mpikisano wa dziko lonse ndi wofuna kupeza woposa onse, ndipo amene akufuna chikho alimbikire. Tikuvomereza zimenezi pa mpikisano wa munthu payekha, ndipo pamenepo sitikupempha kusintha kulikonse. Cole Hocker atapambana mpikisanowu ku San Francisco mu 2022, kenako n'kukatenga golide wa mamita 1,500 ku Paris mu 2024, aliyense amene adanyamuka naye tsiku lija adanyadira, ngakhale amene adangomuona msana kwa mphindi imodzi. Mwayi woima pamzere umodzi ndi munthu wotere ndi chuma cha masewero athu, chimene wosewera mpira wa m'misewu sangachilote. N'chifukwa chake tikukana maganizo a anzathu ena oti pakhale mipikisano iwiri yosiyana nthawi. Koma pa matimu, funso loti woposa onse ndani lili kale ndi pokayankhidwira. Muli ndi mpikisano wina, USA Cross Country Championships, kumene mumasankhirako oimira dziko pa mpikisano wa dziko lonse lapansi. Wa Disembala udaikidwa padera kuti ukhale wa makalabu. Ngati chikho chake chikupitanso kwa olipidwa, ndiye kuti funso limodzi mukulifunsa kawiri, ndipo lina lija, loti kalabu ya anthu wamba yoposa zonse ndi iti, silikufunsidwa konse.

Yankho lachiwiri ndi lolemera kuposa loyamba, ndipo sitikulipeputsa. Masewero othamanga adavutika zaka zambiri chifukwa cha malamulo olekanitsa wolipidwa ndi wosalipidwa. Jim Thorpe adalandidwa mu 1913 mamendulo amene adapambana ku Stockholm mu 1912, chifukwa adalandirapo kandalama kochepa posewera baseball. Steve Prefontaine, amene palibe Mmereka aliyense ankamuposa kuyambira mamita 2,000 mpaka 10,000, ankakhala m'kalavani n'kumadalira thandizo la chakudya la boma, uku akulimbana ndi AAU, bungwe limene linkalamulira masewerowa, mpaka imfa yake mu 1975. Lamulo la 1978 ndilo lidathyola mphamvu za AAU, ndipo bungwe lanu lidabadwira pamenepo. Mu 1981, pa Cascade Run Off ku Portland, othamanga adalandira ndalama poyera mwadala, ndipo Anne Audain adaimitsidwa chifukwa cha madola 10,000 amene adapambana. Amene amakumbukira zimenezi akamva mawu athu amachita mantha, ndipo manthawo ali ndi chifukwa. Koma onani kusiyana kwake. Lamulo lakale linkalanga munthu chifukwa cholandira ndalama: linkamuchotsa pamzere, n'kumulanda chimene adapambana. Pempho lathu sililanda wina aliyense kanthu. Wolipidwa athamanga mpikisano womwewo, atenga malo ake, timu yake itenga chikho chake ndi mphoto yake. Chowonjezereka ndi chikho cha amene salipidwa. Ndipo chinyengo cha kale, cha maenivulopu opatsirana kuseri, chinkabwera chifukwa kulandira ndalama kunali mlandu. Lero kontrakiti ndi chinthu chonyadira, chimene kampani ya nsapato imalengeza yokha.

Chovuta chenicheni ndi poika mzere. Makalabu ambiri wamba amalandira malaya ndi nsapato zaulere ku makampani, ena dzina la kampaniyo lili m'dzina la kalabu. Ambiri mwa othamanga athu amphamvu adachokera m'matimu a makoleji a NCAA, kumene adaphunzitsidwa ngati akatswiri. Ngakhale Tinman Elite ya 2017 inali yosakanikirana: Drew Hunter adali atasaina ndi adidas mu 2016 atangomaliza sekondale, koma si onse a gululo amene anali pamlingo umenewo. Tikuvomereza kuti mzere uliwonse udzakhala ndi anthu oima pamwamba pake penipeni. Komabe kuvuta kwa milandu ingapo si chifukwa chosiyira milandu yambiri yoonekeratu. Ife tikuganiza kuti funso likhale la malipiro, osati la katundu. Nsapato, malaya ndi thandizo la ulendo zisawerengedwe. Koma timu imene mwa anthu ake owerengedwa mapointi muli olandira ndalama za mwezi kapena za chaka chifukwa chothamanga, kapena okhala m'nyumba yolipiridwa ndi gulu, ilembetse m'chigawo cha olipidwa. Chiwerengero chenicheni, kaya ndi mmodzi kaya awiri, mukhoza kuchikambirana ndi makalabu. Kalabu izinena yokha polembetsa, mndandanda uziikidwa poyera mpikisano usanafike, ndipo wokayika azidandaula nthawi ikadalipo. M'masewero ang'ono ngati athu, mmene anthu amadziwana mpaka mayina a agalu awo, wonama sangabisale chaka chachiwiri. Kugawa zikho si chachilendo kwa inu: tsiku lomwelo, pabwalo lomwelo, mumapereka zikho za matimu a zaka 40, 50 ndi 60 kupita m'tsogolo, chifukwa mudavomereza kale kuti chilungamo chimafuna kuyeza anthu ndi anzawo a mlingo umodzi. Palibe amene amati chikho cha azaka 50 n'chachabe.

Pomwepa tiyankhenso onena kuti chikho chachiwiri chidzakhala chotonthozera olephera. Kalabu imene yaposa makalabu ena onse a anthu a ntchito m'dziko lalikulu chotere siinalephere. Ndipo makalabu amenewa ndiwo amadzaza bwalo. Amasonkha ndalama chaka chonse kuti atumize matimu ku Spokane, ku Bethlehem kapena ku Tallahassee, mamembala n'kutenga tchuthi pantchito, n'kugona anayi m'chipinda chimodzi cha hotelo. Ndalama zawo zolembetsera ndi zaumembala ndi gawo la zimene zimayendetsa tsikulo. Magulu olipidwa amabwera chaka chimene mpikisanowu wagwirizana ndi madongosolo awo, chaka china osabwera, ndipo palibe amene angawadzudzule, pakuti ntchito yawo ili ku mabwalo a m'chilimwe ndi ku ma marathon. Koma zotsatira zake n'zakuti tsogolo la chikho cha makalabu limadalira chisankho cha mphunzitsi wa gulu limene mtima wake uli kwina. Izi zikukhudza matimu a amayi chimodzimodzi, ndipo chilichonse chimene mungakonze chikhale chofanana mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo mphoto.

Tikupempha tsono kuti nkhaniyi muiike pa ndondomeko ya msonkhano wanu wa pachaka, kuti komiti ya cross country imve maganizo a makalabu wamba ndi a magulu olipidwa pamodzi isanalembe lamulo, kuti ndalama za mphoto za matimu zigawidwe ku zigawo zonse ziwiri, ndiponso kuti dongosololi liyesedwe kwa zaka ziwiri kenako liunikidwe poyera. Tikupemphanso kuti yankho lanu libwere molemba, kulembetsa kwa mpikisano wotsatira kusanatsegulidwe, kuti makalabu adziwe chimene akusonkhera ndalama.

Ndife anu,

Othamanga, aphunzitsi ndi alembi a makalabu amene asaina chikalatachi