Agogo akabwera kutchuthi, ana amve za maulendo awo

Nyengo ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano ikafika, m'madepoti a ku Balaka, Ntcheu, Mponela, Kasungu ndi Luchenza mumatsika alendo odziwika ndi katundu wawo. Amenewa ndi agogo, kathumba ka ufa pamutu, nkhuku m'khwapa, mdzukulu ali pambali atabwera kudzawachingamira. Sukulu zimakhala zitatsekera, choncho mabanja ambiri amaona kuti iyi ndiyo nthawi yoti agogo asiye kaye khasu, adzaone zidzukulu.

Kuitana agogo ndi chinthu chotamandika. Vuto lili pa zomwe zimachitika akafika. Tsiku loyamba pamakhala chisangalalo, nkhuku imaphedwa. Pofika tsiku lachitatu bambo ali kugolosale, mayi ali kumsika mpaka madzulo, ana maso ali pa foni kapena pa kanema. Agogo amatsala okha pakhonde kuwerenga njinga za kabaza zodutsa mumsewu. Chaka chatsopano chikadutsa amapatsidwa shuga, sopo, chitenje ndi ndalama yokwerera, n'kubwerera kumudzi. Masabata awiri atha popanda wowafunsa kumene adayenda pa unyamata kapena pa utsikana wawo.

Komatu anthu amenewa adayenda. Dziko lino lidatchuka m'chigawo chino cha Africa chifukwa chotumiza anthu ake kukagwira ntchito kunja. Ena adalowera ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi ku Zimbabwe, wapansi kapena pa malole aulere. Ena adalembedwa ndi bungwe lomwe anthu ankalitcha Mthandizi n'kukathera m'minda ya fodya ya azungu. Ena adakagwira m'migodi ya malasha ku Wankie, ena m'migodi ya kopa ku Kitwe ndi Ndola m'dziko la Zambia. Okwera sitima yapamtunda ankadutsa pa mlatho wa Dona Ana, womwe udatha kumangidwa pa mtsinje wa Zambezi mu 1935, n'kulowera cha ku Beira asanakhotere ku Umtali ndi Salisbury, mizinda yomwe lero ndi Mutare ndi Harare.

Ulendo wotchuka kwambiri udali wa ku Joni. Bungwe la Wenela linkalemba anyamata m'maboma, kuwayeza m'thupi, kuwakweza ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenaka sitima mpaka ku Johannesburg. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Gawo lina la malipiro awo ankadzalandirira kuno kwawo kontirakiti ikatha, ndipo ndalama imeneyo ndiyo idagula malata, njinga, mawailesi ndi makina osokera omwe adasintha maonekedwe a midzi yambiri. Dzina la Wenela lidakalipo pa depoti ya basi mumzinda wa Blantyre, koma mwa achinyamata okwera basi pamenepo ndi angati angafotokoze kumene dzinalo lidachokera?

Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown pobweretsa anthu kumudzi, ndipo anthu oposa 70 adafa, ambiri mwa iwo Amalawi. Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu opita kumigodi. Ntchitoyo idayambiranso mu 1977, bungwelo litasintha dzina kukhala TEBA, lomwe pakamwa pa Amalawi lidasanduka Theba. Mu 1988 zidasokonekeranso chifukwa cha mkangano wa maboma awiriwa pa nkhani yoyeza kachilombo ka HIV, ndipo pomafika 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 adali atabwezedwa. Zonsezi zidalembedwa m'mabuku. Chomwe sichidalembedwe ndi momwe mtima wa mnyamata wa ku Dowa kapena ku Mzimba udagundira tsiku loyamba kutsika pansi pa nthaka m'chikepe, chilapalapa chomwe adaphunzira kuti azimvana ndi kapitawo, kapena mnzake yemwe adamusiya m'manda a kutali. Odziwa zimenezo ndi agogo ali pakhonde paja.

Maulendo a m'dziko momwe muno nawonso ali ndi mbiri. Alipo agogo omwe adakwera Ilala idakali yatsopano. Sitimayi idapangidwa ku Scotland, zitsulo zake n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo idayamba kuyenda panyanja mu 1951, patangopita zaka zisanu sitima ya Vipya itamira mu July 1946 ndi anthu 145. Alipo omwe amakumbukira mabasi a UTM, omwe adadzakhala Stagecoach kenaka Shire Bus Lines, akutitimira m'matope nthawi ya dzinja, okwera n'kugona panjira. Ena adalipira tikiti ndi mashereni kwacha isanabwere mu 1971. Ena adasamuka ndi mabanja awo pamene likulu linkachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Madalaivala akale a mathiraki amadziwa mantha odutsa ku Tete pa mdipiti woperekezedwa ndi asilikali nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992.

Agogo aakazi asaiwalidwe pa nkhaniyi. Ena adatsatira amuna awo ku Salisbury kapena ku Kabwe n'kuberekera ana komweko. Ena adayenda mitunda ndi mwana kumsana kukathyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ambiri adatsala pamudzi zaka ziwiri kapena kuposerapo, akulima okha, kufolera nyumba okha, kudikira kalata yodzawerengedwa ndi mwana wa sukulu. Ena adadikira mpaka imvi, mwamuna atatchona. Mayi wotere ali ndi zambiri zoti anene za ulendo wa ku Joni, ngakhale sadapondeko.

Mbiri ya dziko imasunga maulendo a anthu otchuka. Ana asukulu amaphunzira kuti Kamuzu adayenda wapansi kupita ku Rhodesia asanafike ku South Africa, n'kudzabwerera kuno pa 6 July 1958. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay amakumbukiridwa chifukwa choyambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Legson Kayira adanyamuka wapansi mu 1958 kufunafuna maphunziro mpaka kukafika ku Khartoum m'dziko la Sudan, ndipo ulendo wake ukudziwika chifukwa adaulemba m'buku lotchedwa I Will Try. Anthu zikwizikwi adayenda maulendo ofanana ndi amenewa koma alibe buku. Ku National Archives ku Zomba kuli makalata a boma ndi ziwerengero, koma mawu a anthu wamba ndi ochepa. Banja likapanda kusunga nkhani ya agogo ake, palibe wina adzalisungire.

Ndipo nthawi ikutha. Asilikali a King's African Rifles omwe adakamenya nkhondo ku Burma m'zaka za m'ma 1940 pafupifupi onse adatsikira kulichete, ambiri osasiya mawu ngakhale pa pepala limodzi. Mnyamata yemwe adakwera ndege ya Wenela mu 1973 ali ndi zaka 20, lero adadutsa zaka 70. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'dziko muno, pafupifupi theka adali osakwana zaka 18, pamene a zaka 65 kupita m'tsogolo adali pafupifupi anayi okha mwa anthu 100 alionse. Ana ndi ambiri, owafotokozera zakale ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Mlendo ndi mame, adatero akuluakulu. Palibe banja lingalumbire kuti agogo adzabweranso Khirisimasi ya chaka chamawa.

Wina atha kunena kuti nkhani zakale sizigula ufa. Pa nkhani ya kumigodi, nthawi zina zimagula. Mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza mgwirizano woti makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide apereke chipukutamisozi chokwana 5 biliyoni rand kwa anthu omwe adadwala silicosis, matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la miyala, kapena chifuwa chachikulu cha TB chifukwa cha ntchitoyo. Bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo kwa omwe adagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa March 1965 ndi December 2019, kuphatikizapo ochokera m'maiko oyandikana nawo, komanso kwa amasiye awo. Si aliyense wopita ku Theba amene ali woyenera kulandira. Koma amene ali woyenera amafunika umboni, monga dzina la mgodi, zaka zomwe adagwira, nambala ya pantchito ndi makadi akale. Mabanja ambiri sadziwa ngakhale dzina la mgodi womwe bambo awo adagwirako, ndipo mapepala adadyedwa ndi chiswe m'sutikesi. Kulembetsa ku bungwelo n'kwaulere, choncho mabanja achenjere ndi anthu oyenda m'midzi kutolera ndalama ponama kuti afulumizitsa malipiro.

Phindu lina likukhudza achinyamata. Msewu wa ku Joni sudatsekeke. Anyamata ndi atsikana akukwerabe mabasi odutsa pa Mwanza kapena pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, ena opanda zikalata zokwanira. Mu 2008, 2015 ndi 2019 Amalawi ambiri adabwerako chimanjamanja pothawa zipolowe zodana ndi alendo, ndipo ena amathera kumalo osungirako anthu oyenera kubwezedwa kwawo a Lindela. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa jekete ndi nsapato zokha. Agogo omwe adagona m'komponi, anthu ambirimbiri chipinda chimodzi, ndiwo anganene mtengo weniweni wa jeketeyo. Angafotokozenso chifukwa chimene wina adabwerako ndi ng'ombe pamene mnzake wa kontirakiti yomweyo adabwerako ndi wailesi yokha. Mwana wofuna kupita apite ndithu ngati watsimikiza, koma ayambe wamva kwa amene adapitako. Safunsa adadya phula.

Palinso nkhani ya ulemu. M'dziko muno anthu okalamba akhala akuzunzidwa powaganizira ufiti. Mu January 2016 anthu anayi okalamba adaphedwa ku Neno pa chifukwa chimenechi, ngakhale malamulo amaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Lamulo ndi lofunika, koma limagwira ntchito zinthu zitaonongeka kale. Mwana amene adakhala pamphasa n'kumva kuti nkhalamba yoyenda ndi ndodoyi idawolokapo Zambezi, idalankhulapo zinenero zitatu, idamanga nyumba yomwe mayi ake adabadwiramo, sangadzatole mwala kugenda nkhalamba ina chifukwa cha maso ofiira.

N'zoona kuti kucheza ndi agogo kumafuna kuleza mtima. Amabwereza nkhani imodzi katatu, zaka amazisokoneza, pena amathirako mchere. Nkhani zina n'zowawa. Pali agogo omwe adasiya mkazi ndi ana ku Bulawayo ndipo sadaululepo. Pali ena omwe safuna kukumbutsidwa za ngozi ya pansi pa mgodi. Amenewa asakakamizidwe. Koma kubwereza si chifukwa chowatsekera pakamwa, ndipo chinsinsi chikaululika mwini wake ali moyo chimapweteka pang'ono kusiyana n'kudzachimvera pamaliro, alendo olankhula Chishona atatulukira pasiwa.

Zofunika kuchita sizilira ndalama. Usiku umodzi kapena uwiri kanema azimitsidwe, banja likhale pamodzi. Magetsi akathima, umenewo ndiwo mwayi wake. Ana afunse mafunso osavuta: “Agogo, mudanyamuka chaka chanji? Mudakwera chiyani? Mudapita ndi yani? Malipiro oyamba mudagula chiyani?” Mwana wa sekondale alembe mayankho m'kope, maina a malo ndi a anthu omwe, pachikuto alembepo tsiku. Foni yomwe imalanda ana kwa agogo ikhoza kujambula mawu awo, bola iwo avomere. Zithunzi zakale, makadi a Theba, ziphaso ndi makalata zijambulidwe, zenizenizo zisungidwe m'pulasitiki pamalo ouma. Achibale a kutali atumiziridwe kuti zisakhale pa foni imodzi yomwe mawa ikhoza kubedwa.

Banja lomwe lingakwanitse liwatengere agogo kumalo ena omwe adadutsako kale. A ku Balaka ali ndi siteshoni ya sitima pafupi, a ku Salima ali ndi doko la Chipoka, a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota ali ndi gombe lomwe anthu akhala akukwererapo Ilala kwa zaka zambiri. Munthu wokalamba akaima pamalo pomwe adatsanzikana ndi mayi ake zaka 50 zapitazo, amakumbukira zinthu zomwe pakhonde sakadazikumbukira. Aphunzitsi nawo angathandize popatsa ana ntchito ya patchuthi yolemba ulendo umodzi wa agogo awo, m'Chichewa kapena m'chinenero cha kwawo. Mipingo, mizikiti ndi mawailesi a m'madera ali ndi mpata woitana okalamba kudzafotokoza zomwe adaona.

Shuga ndi sopo ziperekedwe ndithu, pakuti agogo amazifuna. Koma asanakwere basi yobwerera kumudzi, m'nyumbamo mutsale kope lolembedwa dzina la mgodi, la sitima kapena la esiteti, chaka chomwe adanyamuka ndi chaka chomwe adabwerako. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Kuti adzakome, pafunika wina awamve n'kuwasunga eni ake adakali moyo.