Momwe mukugona khanda musamanunkhire za m'botolo

Amalonda anzathu ndi madalaivala nonse, nkhani ya lero ikukhudza katundu amene ambiri a ife tikudyerapo masiku ano: zonunkhiritsa m'nyumba. Tikunena masipuleyi, timabotolo tozikamo timitengo, tija tolumikiza kumagetsi, makandulo onunkhira, lubani ndi mafuta odontheza m'timakina totulutsa nthunzi. Katunduyu ndi wopepuka, sadya malo m'chikwama, ndipo akachoka ku Joni kapena ku Kariakoo n'kufika ku Limbe kapena ku Lilongwe, phindu lake limaoneka. Sitikunena kuti geni ithe ayi. Maganizo athu ndi akuti m'chipinda chogona khanda musamalowe fungo lochokera m'botolo kapena mu utsi, ndipo ife ogulitsa ndi amene tiyenera kuyamba kunena zimenezi, ngakhale kasitomala atabweza botolo limodzi.

Khanda si munthu wamkulu wochepa thupi. Wamkulu akakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, pomwe mwana wongobadwa kumene amapuma maulendo 30 mpaka 60. Tinjira take ta mpweya n'tating'ono, moti tikangotupa pang'ono amayamba kubanika. Amagona maola oposa 14 pa tsiku, nthawi zambiri m'chipinda chimodzimodzi chotseka. Inu fungo likakukolani mumatuluka panja kapena kutsekula zenera. Iye amangolira, ndiye timayamba kuganiza za m'mimba kapena njala. Chilichonse chimene mphuno yanu ikumva ndi mankhwala amene ali mumpweya, ndipo akulowa m'mapapo a mwanayo. Kwa ana a mphumu, zonunkhira zamphamvu zimatha kudzutsa chifuwa.

Pazithunzi za pa makatoni pamakhala chipinda cha mwana chachechache, bedi lakelake, zenera lalikulu. Kwathu sizikhala choncho. Ambiri amene tili kunja timachita lendi chipinda chimodzi, ndipo momwemo ndi mogona, mophikira komanso mosungira katundu woyembekezera ulendo. Kumudzi nako katundu wodula timamuika kuchipinda chogona poopa akuba. Ndiye ganizani: makatoni asanu a perefyumu ndi masipuleyi kunsi kwa bedi, botolo limodzi losweka pa mabampu a njira ya ku Tete, chitseko chotseka usiku wonse, khanda lili pomwepo. Mwini nyumba samvanso kanthu chifukwa mphuno imazolowera msanga. Mlendo ndi amene amatsokomola akalowa. Ngati m'nyumba mwabadwa mwana, katundu wa fungo apezeredwe malo ena, kaya kwa m'bale, kaya m'mgolo wotseka bwino pabalaza.

Chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi timibulu toyera tija timaika m'masutikesi ndi m'mabelo a zovala kuti njenjete ndi mphemvu zisalowe. Tambiri timapangidwa ndi mankhwala otchedwa naphthalene, ndipo maiko a European Union analetsa kugulitsa timibulu ta mtundu umenewu mu 2008. Kuno timagulitsidwabe m'misika, ndipo ena amakhulupirira kuti fungo lake ndi chizindikiro cha ukhondo. Mayi woyembekezera amagula zovala za mwana miyezi isanakwane, n'kuzisunga m'sutikesi pamodzi ndi timibulu timeneti, tsiku lochira n'kumuveka mwana.

Vuto lake ndi ili. Pali ana ena amene amabadwa magazi awo akusowa chinthu chotchedwa G6PD. Zimachitika kawirikawiri m'maiko a malungo ngati athuwa, makamaka kwa ana aamuna, ndipo makolo ambiri sadziwa chifukwa mwanayo amaoneka wabwinobwino. Mwana wotere akapuma fungo la naphthalene kapena kuvala zovala zimene zamwa fungolo, magazi ake amatha kuwonongeka mofulumira. Maso ndi khungu zimasanduka zachikasu, amafooka, amaleka kuyamwa. Chikasu chikakula kwambiri kwa khanda chimatha kuwononga ubongo kapena makutu mpaka kalekale. Ndipo mankhwalawa sasungunuka bwino m'madzi, moti kuchapa kamodzi sikokwanira. Zovala, mabulangete ndi zitenje za khanda zisayandikire timibulu timeneti n'komwe. Amene timagulitsa zovala za ana tisamaike m'mabelo athu. Ndipo mwana akaoneka chikasu masiku oyambirira, kaya pali timibulu kaya palibe, ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Ena amati, "Zanga ndi natural, zachokera ku zomera." Fodya nayenso ndi chomera. Mafuta a m'timabotolo ting'onoting'ono aja ndi amphamvu kwambiri chifukwa anafinyidwa ku masamba ambirimbiri. A bulugama, mwana akameza ngakhale pang'ono chabe, amatha kukomoka n'kumaphupha. N'chimodzimodzi ndi camphor, amene amapezeka m'mafuta ambiri opaka pachifuwa munthu akadwala chimfine. Mafuta opaka oterewa sayenera kupakidwa kwa mwana wosakwana zaka 2, ndipo kum'paka kumphuno kapena kudontheza pa pilo ndiye koopsa zedi. Agogo atha kunena kuti tonse tinakula choncho. Tiwayankhe mwaulemu, koma botolo libwerere m'kabati.

Za utsi sitichulukitsa. Lubani, makandulo ndi makoilo a udzudzu zonse zimatulutsa utsi, ndipo utsi wonunkhira ndi utsi basi. Udzudzu tithane nawo ndi neti, imene amayi amalandira kusikelo kwathu ku Malawi. Nyengo yozizira ya June ndi July ku Joni, tisaiwalenso kuti mpweya wa mbaula ya makala umene umapha anthu m'tulo ulibe fungo lililonse, choncho mbaula isagone m'chipinda chotseka.

Tikudziwa chimene anthu angatiyankhe. Nyumba ya mwana wakhanda imanunkha mkodzo, mkaka wobwerera ndi matewera, ndipo alendo obwera kudzaona mwana satha. Palibe mayi amene amafuna kuti apongozi akanene kuti m'nyumba mwake mumanunkha. Manyazi amenewa ndi enieni ndipo ndi amene amatigulitsira katundu. Koma sipuleyi sachotsa gwero la fungo, amangoliphimba, ndiye mwana amapuma zonse ziwiri. Chimene chimagwira ntchito n'chotchipa: thewera logwiritsidwa ntchito lituluke panja nthawi yomweyo, ndowa yonyikamo matewera ikhale ndi chivundikiro ndipo isagone m'chipinda, matiresi ndi zofunda ziyanikidwe padzuwa, zenera litsekulidwe m'mawa uliwonse ngakhale kukuzizira, mwana atafunditsidwa. Ngati khoma lachita chuku, fungo limenelo likukuuzani kuti pali chinyezi, ndipo lofunika ndi kukonza khomalo. Ofuna kununkhiritsa pabalaza alendo asanafike atero mwana ali kwina, mazenera ali otsekula, n'kudikira kuti fungo lizilale.

Palinso china chimene sitikonda kuchiganizira. Khanda limazindikira mayi ake ndi fungo, ndipo fungo la pachifuwa limalithandiza kupeza bere. Mayi woyamwitsa akadzithira perefyumu wamphamvu pachifuwa amasokoneza zimenezi. Ndiye abambo obwera kuulendo, mphatso ya perefyumu kwa mayi a kunyumba ndi yabwino, koma idikireko miyezi ingapo.

Madalaivala, tikudziwa kuti thiraki ndi nyumba yanu. Munthu wagona masiku atatu pamzere ku Beitbridge kapena ku Nyamapanda, m'galimoto muli fungo la dizilo, thukuta ndi zakudya, ndiye timitengo tonunkhira timalendewera tinayi tisanu pagalasi. Zimenezo n'zanu. Koma mukafika pakhomo, sambani ndi kusintha malaya musananyamule mwana, makamaka ngati mumasuta. Tonunkhiritsa m'galimoto totsala tisapachikidwe pa neti ya mwana kapena kum'patsa kuti aziseweretsa. Mukanyamula mayi wa khanda m'galimoto, chotsani tonunkhirato ndipo tsitsani galasi pang'ono. Nafenso okwera mabasi a maulendo aatali, tisamapopere sipuleyi m'basi yotseka mazenera pamene pampando wina pali mwana wa m'manja. Kuyesera makasitomala perefyumu kudikire posikira.

Pomaliza ndi nkhani ya kagulitsidwe. Ambiri timapikula mafuta onunkhira m'zigubu zikuluzikulu n'kumagawa m'timabotolo. Tisathire m'mabotolo a zakumwa. Mwana woyamba kukwawa akaona madzi ofiira kapena achikasu onunkhira ngati zipatso, amamwa, monga momwe ana ambiri amwera parafini wosungidwa m'botolo la chakumwa. Botolo lililonse likhale ndi chitsekero cholimba komanso dzina la zomwe zilimo. Tomwe timalumikizidwa kumagetsi tili ndi vuto lofanana, chifukwa masoketi ambiri ali m'munsi, pamene mwana wokwawa amafikira. Katundu wopanda chizindikiro chosonyeza zomwe zilimo kapena amene anapanga ndi bwino kumusiya komweko koodako, ngakhale atatchipa chotani. Ndipo kasitomala akabwera ali ndi mwana kumbuyo kapena ali woyembekezera, kum'funsa kuti "Mayi, mukaika chipinda chiti?" sikutenga nthawi. Akati chogona mwana, m'gulitseni sopo wopanda fungo ndi ndowa ya chivundikiro, sipuleyi akhale wa kuchimbudzi.

Ngati mwana wameza chilichonse mwa zinthuzi, musam'sanzitse, chifukwa zamafuta zikabwerera zimatha kulowa m'mapapo. Musam'mwetse mkaka kapena mafuta ophikira poganiza kuti zipha mphamvu ya poizoni. Thamangani naye kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo nyamulani botolo kapena paketi yake kuti adokotala aone chomwe wamwa. Amene muli ku South Africa, sungani m'foni nambala ya Poisons Information Helpline, 0861 555 777, imayankhidwa usana ndi usiku.