Mayi Akamatsalira M'mbuyo

Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira ku Britain, anatenga mayi ake kukaona London. Ankafuna aone zonse tsiku limodzi: Buckingham Palace, Tower Bridge, kenako akwere masitepe 528 a St Paul's Cathedral. Mayiwo miyendo inali idakali yotupa chifukwa chokhalitsa m'ndege, koma sananene kanthu. Makolofe sitikonda kudandaulira ana. Pofika masana anangokhala pansi m'mbali mwa mtsinje wa Thames n'kuvula nsapato.

Ananu, tsiku loyamba asiyeni apume. Avale nsapato zozolowera, azimwa madzi pafupipafupi. Koma mwendo umodzi wokha ukatupa, kutentha ndi kupweteka, zithunzizo zidikire. Mwina magazi aundana mumtsempha. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.