Pamwamba Pali Amene Walipira

Masamba a pa intaneti oyerekezera mitengo amatipusitsa, ife n'kumawathokoza. Akuti lembani dzina la foni, nsapato kapena hotelo, tikuonetsani kotchipa. Munthu watopa, data ikutha, amangodina chomwe chili pamwamba n'kumadziona wochenjera. Koma anachiika pamwambapo ndani?

Ku Australia funsoli linafika kukhoti. Trivago, tsamba loyerekezera mitengo ya zipinda za m'mahotelo, inkalengeza pa TV kuti ikupezerani mtengo wotsikitsitsa. Mu 2020 khoti linapeza kuti makina ake ankakondera makampani olipira Trivago ndalama zochuluka munthu akadina. Pafupifupi kawiri pa katatu kalikonse, mtengo woikidwa pamalo aulemu unali wokwera kuposa wina womwe unalipo ndithu. Nanga mtengo wokhwatchidwa womwe tsambalo linkaonetsa ngati wakale, wokusangalatsani kuti mwapulumutsa ndalama? Nthawi zambiri unali wa chipinda chapamwamba, pomwe inu mukugula chipinda wamba. Mu 2022 Trivago inalamulidwa kulipira chindapusa cha madola a ku Australia 44.7 miliyoni.

Google nayo si yoyera m'manja. Mu 2017 bungwe la ku Ulaya la European Commission linailipiritsa mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika malonda a tsamba lake loyerekezera mitengo pamwamba pa zomwe zimatuluka munthu akafufuza pa Google, n'kukankhira opikisana nayo kumunsi. Ngakhale wochita bwino mwa iwo ankapezeka cha pa peji 4. Peji 4! Munafikako liti inu? Google inachita apilo mpaka 2024, n'kugonja.

Ena amati wogula ali ndi maso, aziona yekha. Aone chiyani, zomwe zabisidwa? Amaona dzina la sitolo lomwe analimvapo, tinyenyezi tomwe sadziwa anatipereka ndani, ndi mtengo wa zilembo zikuluzikulu. Ndalama yotumizira katundu imatulukira kumapeto, atalemba kale adiresi ndi nambala ya khadi, mphamvu zobwerera m'mbuyo zitatha. Kumeneko si kusankha ayi. Tsambalo lili ngati woitanira pa depoti: amakuwa kuti "yodzadza iyi!" chifukwa kondakitala wa minibasi imeneyo ndiye amupatsa kangachepe.

Sindikuti masambawa atsekedwe. Ntchito yawo ilipo. Ndikuti lamulo liwakakamize kulemba pambali pa sitolo iliyonse, m'zilembo zofanana kukula ndi mtengo, kuti iyi yatilipira, ndiponso kuti mtengo woyamba kuoneka ukhale wonse, wotumizira ndi msonkho zili momwemo.