Mapu a Nkhondo Aziŵerengeka Msanga

Anyamata ambiri a ku Mangochi masiku ano amatha nthaŵi yaitali akumenya nkhondo pa kompyuta ndi pa lamya za m'manja. Makolo ena akudandaula, ndipo ife sitikuwatsutsa ai. Koma pali kanthu kena kofunika kukaganizira. Mwana amene amatuluka thukuta ndi funso la kuŵerenga mapu pa mayeso a Fomu 4, yemweyo akakhala pa maseŵera monga Age of Empires II, amene anatuluka m'chaka cha 1999, amadziŵa m'kamphindi kumene kuli mtsinje, nkhalango ndi adani. Tsono nzeru ali nazo. Chosiyana ndi kajambulidwe ka mapuwo.

Maseŵera otereŵa sanayambe lero. M'chaka cha 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ankhondo maseŵera otchedwa Kriegsspiel, oseŵera pa mapu enieni ndi tizitsulo ta mitundu iŵiri yokha, tofiira ndi tabuluu. Akatswiri a lero amatsata nzeru yomweyo. Nthaka amaipatsa mtundu wozizira kuti asilikali aoneke patali, pangodya amaikapo kamapu kakang'ono koonetsa dziko lonse, ndipo malo amene sanazondedwe amaŵasiya mumdima. Ena osadziŵa ntchito amadzaza mitengo, utsi ndi zithunzithunzi mpaka woseŵera kugonja chifukwa sanaone mdani ali pakhomo. Enanso amaiŵala kuti alipo anthu amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriŵira.

Tiyerekeze kuti mwana wathu wina wophunzira za kompyuta wafuna kukonza maseŵera a nkhondo za kumwera kwa nyanja yathu. Nkhani iripo yokwanira. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga m'mbali mwa Shire pafupi ndi mudzi wa Mponda, pofuna kutseka njira ya malonda a akapolo, ndipo ndilo linatchedwa Fort Johnston. Mu Disembala chaka chomwecho Kaputeni Cecil Maguire anapita kukaononga zombo za Makanjira kutsidya la kum'maŵa. Sitima ya Domira inatsakamira pa madzi osaya, ndipo Maguire anaomberedwa nafera komweko.

Wokonza maseŵerawo akajambula nyanja yonse ndi buluu mmodzi, waphonya phata la nkhaniyi. Madzi osaya ayenera kusiyana ndi akuya poyang'ana kamodzi kokha. Pakamwa pa Shire, pamene mtsinjewo ukutuluka m'nyanja kulinga ku Malombe, payenera kuonekeratu kuti ndi pakhosi, pakuti wogwira pamenepo anagwira njira ya sitima zonse. Mapiri a ku Namwera ndi chigawo cha Nankumba zioneke ndi mizere yoŵerengeka, osati mtengo uliwonse pawokha. Kamuvi kamodzi koonetsa mwera kangathandize koposa mafunde okongola chikwi. Msodzi aliyense wa ku Malembo angavomereze. Maina a midzi alembedwe monga eni ake amatchulira, chifukwa m'midzimo munali anthu, ena a iwo omangidwa magoli, ndipo zidzukulu zawo ziri moyo.

Tikupempha aphunzitsi a Jogalafe kuti asachite manyazi kubwereka nzeru imeneyi. Mapu a boma a muyeso wa 1:50,000 ndi abwino, koma ali ndi zambiri kwa mwana wongoyamba. Ayambe wajambula pa bolodi nyanja, mtsinje ndi msewu wa ku Monkey Bay basi, mizere ya mapiri ibwere pambuyo.

Pempho lina lipite kwa osunga mbiri. Pafupi ndi nsanja ya koloko pa boma la Mangochi pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, imene mu Ogasiti 1914 inalemaza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa dooko la Sphinxhaven, lero Liuli m'dziko la Tanzania. Mwana wasukulu woima pamfutipo ayenera kupezapo mapu osavuta omuonetsa kumene kuli Liuli, ndi kutalika kwake kuchokera pamene waimapo.